Mmene Mungaonere Mzinda Wakale wa Edinburgh Wapansi M'tsiku Limodzi

Anthu ambiri amene amapita ku Edinburgh, likulu la Scotland, ali ndi tsiku limodzi lokha amabwerako atatopa kwambiri koma ataona zochepa. Amatsika sitima dzuwa litakwera kale, n'kupeza kuti matikiti olowera m'linga la Edinburgh Castle atha, kenaka amakwera ndi kutsika chitunda chomwecho kangapo chifukwa mapu a pa foni sanawauze kuti misewu ina imadutsana wina pamwamba wina pansi. Vuto si kukula kwa mzindawu, pakuti msewu waukulu wa Royal Mile ndi wotalika pafupifupi makilomita 1.8 okha. Chimene chimagonjetsa alendo ndi zitunda komanso nthawi yotsekera malo.

Mzinda wakalewu unamangidwa pamsana pa chitunda. Linga la Edinburgh Castle lili pamwamba penipeni chakumadzulo, nyumba yachifumu ya Holyroodhouse ili kumunsi chakum'mawa, ndipo timisewu tambirimbiri timachoka pa msewu waukuluwo n'kutsetserekera mbali zonse ziwiri ngati minga ya chambo. Choncho malangizo awa akhazikika pa mfundo imodzi: kwerani chitunda chachikulu m'mawa miyendo ikadali ndi mphamvu, ndipo nthawi yotsalayo muziyenda molowera kumunsi. Ulendo wonse ndi wa makilomita pafupifupi 7 kapena 8.

## Zofunika kukonzeratu

- Nsapato zophwatalala zimene mwazizolowera kale, zokhala ndi mphira wogwira pansi. Misewu yambiri ndi yoyalidwa miyala, ndipo miyalayo ikanyowa imaterera.
- Jekete yosalowa madzi yokhala ndi chipewa chake, komanso juzi yamkati. Ambulera sathandiza kwenikweni chifukwa mphepo ya pa zitunda imamutembenuza.
- Tikiti yolowera ku Edinburgh Castle yogulidwa pa intaneti.
- Foni imene mwasungiramo mapu a mzindawu kuti azioneka ngakhale popanda intaneti, ndi pawabanki. Mapulagi a magetsi ku Britain ndi ofanana ndi a ku Malawi, kotero tchaja yanu igwira ntchito.
- Khadi la kubanki lolipirira mongogunditsa, ndi ndalama zochepa za m'manja.
- Botolo la madzi. Madzi a pampopi ku Scotland ndi abwino kumwa, ndipo palibe chifukwa chogulira a m'sitolo.
- Kachikwama kakang'ono kakumsana. Zikwama zikuluzikulu ndi masutikesi saloledwa m'linga.
- Kwa amene akuchokera kunja kwa Britain: Scotland ndi mbali ya United Kingdom, kotero mwini pasipoti ya Malawi amafunika viza ya UK. Viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, sigwira ntchito kumeneko.

## 1. Sankhani tsiku moganizira kuwala kwa dzuwa

M'mwezi wa June dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, pamene mu December limalowa 4 koloko isanakwane. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, ndipo amene akupita m'nyengo yozizira ayenera kudula malo ena pa ulendo uno, makamaka ngati akufuna kukafika pa Calton Hill kukadali kowala. Miyezi ya May, June ndi September ndiyo yabwino koposa.

Chenjezo: mu August mumakhala zikondwerero za Fringe ndi Royal Edinburgh Military Tattoo. Royal Mile imadzaza moti mtunda wa mphindi khumi umatha theka la ola, ndipo bwalo la kutsogolo kwa linga limatchingidwa ndi mipando ya oonerera. Lamlungu nalonso lili ndi zovuta zake, chifukwa Nyumba ya Malamulo imakhala yotseka, mzinga wa 1 koloko suwombedwa, ndipo m'tchalitchi cha St Giles mumakhala mapemphero m'mawa.

## 2. Gulani tikiti ya m'linga masiku angapo ulendo usanafike

Tikiti ya Edinburgh Castle imagulitsidwa ndi nthawi yake yolowera. Sankhani nthawi yoyambirira, 9:30 m'mawa, pamene zipata zimatsegulidwa. M'nyengo ya alendo ambiri matikiti a tsikulo amatha, ndipo munthu amene wangofika pachipata opanda tikiti amatha kubwezedwa. Sungani chithunzi cha tikitiyo m'foni kuti musadalire intaneti pachipata.

Pa malo olipira, sankhani amodzi okha. Linga ndi nyumba yachifumu ya Holyroodhouse zimafuna pafupifupi maola awiri chilichonse, ndipo kulowa monse muwiri kumadya nthawi imene mukanaonera misewu yeniyeniyo. Kwa munthu wobwera koyamba, linga ndilo loyenera ndalamazo.

## 3. Fikani pa siteshoni ya Waverley pofika 8:30

Waverley ili m'chigwa pakati pa mzinda wakale ndi mzinda watsopano, ndipo ndiyo malo abwino oyambira ndi kumalizira. Sitima yochokera ku Glasgow Queen Street imayenda pafupifupi mphindi 50, pamene yochokera ku London King's Cross imayenda maola anayi ndi theka, kutanthauza kuti wochokera ku London ayenera kugona ku Edinburgh usiku wa dzulo lake. Ngati muli ndi katundu wolemera, musiyeni pa malo osungitsira katundu a m'siteshonimo, amene amalipiritsa.

Siteshoniyi ili ndi makomo angapo ndipo lililonse limakutulutsani pa msinkhu wosiyana. Tsatani zikwangwani zolozera ku Princes Street. Mukatuluka, khoterani kumanzere, ndipo mudzaona linga lili pathanthwe kutsogolo kwanu chakumanzere. Liyang'anitsitseni, chifukwa tsiku lonse ndilo lidzakuuzani kumene kuli kumadzulo.

## 4. Yambirani pa chiboliboli cha Livingstone, kenaka kwerani chitunda cha The Mound

Mukaoloka Waverley Bridge mudzalowa m'munda wa Princes Street Gardens, pamene pali chipilala chakuda chachitali cha Scott Monument, cha mamita 61. Pambali pake pali chiboliboli cha David Livingstone chimene chinaimikidwa mu 1876, chosemedwa ndi Amelia Robertson Hill. Alendo ambiri amachidutsa osachiona, koma kwa munthu wochokera kwathu ndi malo oyenera kuimapo pang'ono. Musakwere Scott Monument. Ili ndi masitepe 287 opanikiza, ndipo zimene mungaone pamwamba pake mudzaziona bwino koposa kuchokera m'linga.

Pitirirani mpaka pa nyumba ya zojambula ya Scottish National Gallery, kwerani masitepe a Playfair Steps, ndipo mulunjike pa nyumba ya nsanja ziwiri ya New College pa Mound Place. Koleji imeneyi inamangidwa ndi Free Church of Scotland, mpingo umene unatumiza amishoni a Livingstonia mu 1875, ndipo holo ya kumbuyo kwake ndi kumene kumachitikira msonkhano waukulu wa chaka ndi chaka wa Church of Scotland, mpingo umene unayambitsa mishoni ya Blantyre mu 1876. Mkhristu wa CCAP akaima pamenepa amakhala ataima pa gwero la mpingo wake. Chipata chikakhala chotsegula mungathe kusuzumira m'bwalo momwe muli chiboliboli cha John Knox, mtsogoleri wa Chipulotesitanti ku Scotland. Kuchokera apo, kamsewu ka Ramsay Lane kakukwezani mpaka pa Castlehill, pafupi ndi bwalo la linga.

Chenjezo: apa ndiye pamtunda povuta pa tsiku lonse. Yendani modekha ndipo muvule jekete musanachite thukuta, chifukwa pamwamba pali mphepo yozizira imene imalowa m'zovala zonyowa.

## 5. M'linga, yambirani pamwamba

Alendo ambiri akangolowa amaima pa mizinga yoyambirira n'kuyamba kujambula, ndipo akamafika pamwamba amapeza mzere wautali. Inu chitani mosiyana. Mukadutsa chipata chachiwiri, kwerani masitepe a Lang Stairs amene ali kumanzere ndipo mupite molunjika ku Crown Square, kumene amasungira chisoti chachifumu, ndodo yachifumu ndi lupanga, zimene pamodzi zimatchedwa Honours of Scotland. Pabwalo lomwelo pali holo yaikulu ya Great Hall, imene inamalizidwa mu 1511, ndi nyumba yokumbukira asilikali a Scotland amene anafera ku nkhondo. M'nyumba imeneyi anthu amayenda mwakachetechete.

Mukatero pitani ku St Margaret's Chapel, katchalitchi ka zaka za m'ma 1100 kamene ndi nyumba yakale kwambiri mu Edinburgh monse. N'kakang'ono kwabasi, kolowa anthu ochepa nthawi imodzi, ndipo kuwala kumalowera pa timawindo topapatiza m'makoma ochindikala. Panja pake pali mzinga waukulu wa Mons Meg, ndipo kuchokera pakhoma limenelo mumaona misewu yowongoka ya mzinda watsopano mpaka kunyanja ya Firth of Forth. Zotsalazo muzione mukutsika, ndipo muyesetse kutuluka pofika 11:30. Gwiritsani ntchito chimbudzi cha m'lingamo musanatuluke.

Chenjezo: mzinga wa 1 koloko masana wakhala ukuwombedwa kuyambira mu 1861, ndipo ambiri amakhala m'linga maola atatu ndi theka pofuna kuuonerera. Kuwombako kumatha m'kamphindi. Phokoso lake limamveka m'mbali zambiri za mzinda, choncho musataye ola lathunthu mukudikira.

## 6. Tsikirani ku Victoria Street ndi Grassmarket, koma samalani ndi milatho

Kuchokera pa Castlehill, tsikani pang'ono mpaka poyambira Lawnmarket ndi kulowa kamsewu ka Upper Bow kudzanja lamanja. Kadzakufikitsani pa khonde la Victoria Terrace, pamene mungaone msewu wokhota wa Victoria Street uli pansi panu ndi masitolo ake opakidwa utoto wamitundumitundu. Masitepe a pomwepo akutsitsirani mumsewumo, ndipo msewuwo umathera pa Grassmarket, bwalo limene kale linali msika komanso malo onyongera anthu poyera. Mukaima pakati pa bwaloli n'kuyang'ana kumwamba mudzaona mmene linga linakhalira pathanthwe.

Apa ndi pamene alendo ambiri amasokera, ndipo ndi bwino kumvetsa chifukwa chake. Misewu ya George IV Bridge ndi South Bridge ndi milatho, ngakhale kuti woyenda pamwamba pake sangadziwe chifukwa mbali zonse kuli nyumba ndi masitolo. Pansi pa milathoyo pamadutsa msewu wa Cowgate. Pa mapu, Cowgate imaoneka ngati ikukumana ndi George IV Bridge, koma mukafika pamalopo mudzapeza kuti msewu umene mukuufunawo uli pamwamba pa mutu wanu, pa chipilala chachikulu cha miyala, ndipo palibe pokhotera. Choncho mukafika kumapeto kwa Grassmarket chakum'mawa, pamene msewu wagawikana pawiri, musalowe wakumanzere wa Cowgate. Tengani wakumanja wokwera, Candlemaker Row, umene udzakufikitsani pa chipata cha manda a Greyfriars.

Pa tchalitchi cha Greyfriars ndi pamene pangano la National Covenant, loteteza mpingo wa Chipresibiteriyani, linasainidwa mu 1638, ndipo mandawo ali ndi zipilala zakale zoyenera kuziyendera kwa mphindi makumi awiri. Kunja kwa chipata kuli chiboliboli cha kagalu kotchedwa Greyfriars Bobby, kamene nkhani imati kanalondera manda a mbuye wake zaka 14 mpaka kanafa mu 1872. Mudzaona kuti mphuno yake inayera chifukwa chosisitidwa ndi alendo. Musaisisite, chifukwa kuteroko kumaononga chibolibolicho ndipo eni mzinda sakondwera nazo.

## 7. Pumirani ku National Museum of Scotland

Tsidya lina la msewu kuchokera pa kagaluko kuli Chambers Street, kumene kuli National Museum of Scotland. Kulowa n'kwaulere, mkati n'mofunda, muli zimbudzi ndi mipando, ndipo n'chifukwa chake malowa aikidwa pakati pa tsiku pamene miyendo yayamba kulemera. Nyumbayi ndi yaikulu moti munthu angathe kutheramo tsiku lonse, choncho sankhani zinthu zochepa: holo yowala ya Grand Gallery, nkhosa yotchedwa Dolly imene asayansi a ku Roslin Institute anaipanga mu 1996 kuchokera ku selo ya nkhosa ina, ndi tizidole ta masewera a tchesi ta Lewis. Pomaliza kwerani chikepe mpaka padenga, pamene mungaone linga ndi mzinda wonse osalipira kanthu. Ola limodzi ndi theka likwanira.

Chakudya chamasana mudyere m'dera lino. Malo odyera a pa Royal Mile ndi okwera mtengo, pamene ku Forrest Road ndi Nicolson Street, kufupi ndi yunivesite, kumapezeka chakudya chotsikirapo. Pa Nicolson Street pomwepo pali Surgeons' Hall, likulu la Royal College of Surgeons of Edinburgh. Hastings Kamuzu Banda anaphunzira za udokotala mumzinda uno ndipo analandira chiphaso cha koleji imeneyi mu 1941. Nyumbayi ili pa mtunda wa mphindi zochepa kuchokera kumapeto kwa Chambers Street, ndipo kuiona kunja kokha n'kokwanira.

## 8. Bwererani pa Royal Mile kudzera pamwamba pa mlatho

Pofika 2 koloko masana, yendani pa George IV Bridge kubwerera ku Royal Mile, ndipo mukafika pakati pa mlathowo suzumirani pansi kuti muone Cowgate imene munaipewa ija. Khoterani kumanja, ndipo mudzaona tchalitchi cha St Giles ndi nsanja yake yooneka ngati chisoti chachifumu. Chinakhazikitsidwa mu 1124, ndipo John Knox anakhala mbusa wake kuyambira mu 1559.  Mkati, musaphonye kachipinda ka Thistle Chapel ka mu 1911, kamene matabwa ake anasemedwa mwaluso losowa. Yang'anani bwino pafupi ndi khomo ndipo mudzapeza mngelo akuimba chitoliro cha thumba cha Askotishi. Manda a Knox ali kuseri kwa tchalitchi, pansi pa malo oimikapo magalimoto a nambala 23, pamene pali mwala wolembedwa.

Chenjezo: pafupi ndi khomo la kumadzulo pali chithunzi cha mtima chopangidwa ndi miyala ya mumsewu, Heart of Midlothian. Anthu a mumzindawu ali ndi chizolowezi cholavulirapo, kotero musagwadepo kapena kukhalapo pojambulitsa.

Timisewu topapatiza ta m'mbali mwa Royal Mile, timene pa zikwangwani timalembedwa kuti Close, ndi mbali yokoma ya mzindawu, komanso ndi timene timatopetsa alendo. Lowani mu Advocate's Close, moyang'anizana ndi St Giles, ndipo pongoyenda pang'ono mudzaona Scott Monument itaonekera pakati pa makoma awiri. Mukaona zimenezo bwererani. Mukatsika mpaka kumapeto mudzapezeka muli kufupi ndi siteshoni, ndipo mudzafunika kukweranso chitunda chonsecho.

## 9. Tsetserekani ndi Canongate mpaka ku Holyrood

Kuchokera pano msewu ndi wotsetsereka ndipo khamu limayamba kuchepa. Mudzadutsa John Knox House, kenaka pamphambano ya World's End, pamene timiyala tachitsulo ta mumsewu tikusonyeza malo amene panali chipata cha mzinda. Kumunsi kwake kuli Canongate Tolbooth ya mu 1591 ndi wotchi yake yotulukira mumsewu, komanso manda a Canongate Kirk kumene anaikidwa katswiri wa zachuma Adam Smith, amene anamwalira mu 1790. Mukangodutsa tchalitchicho, funani khomo la Dunbar's Close kudzanja lamanzere. Mkati muli munda wabata wokhala ndi mabenchi, waulere, ndipo ndi malo abwino opumulirapo kotala la ola.

Kumapeto kwa msewu kuli Nyumba ya Malamulo ya Scotland, imene inatsegulidwa mu 2004. Kulowa n'kwaulere, koma amasecha zikwama ngati pa bwalo la ndege. Moyang'anizana nayo muli Holyroodhouse, nyumba ya mfumu ikakhala ku Scotland, momwe mfumukazi ya Scotland, Mary, Queen of Scots, anakhala kuyambira mu 1561 mpaka 1567. Imatsekedwa banja lachifumu likakhalamo komanso masiku ena a pasabata, kotero amene wasankha kulowa muno m'malo mwa linga aone kaye masiku ake. Ena onse angathe kuiona bwino pa chipata.

## 10. Malizirani pa Calton Hill

Phiri la Arthur's Seat, la mamita 251, limaoneka pafupi mukaima pa Holyrood, ndipo limakopa ambiri. Kukwera ndi kutsika kumafuna pafupifupi maola awiri pa njira ya miyala ndi matope, zimene si zoyenera munthu amene wayenda kuyambira m'mawa. Calton Hill ndi yaifupi kwambiri, ndipo ndi pamene mzinda wakale umaonekera wonse kuyambira ku linga mpaka ku nyumba yachifumu.

Kuchokera pa Holyrood, tsatani Abbeyhill ndi Abbeymount mpaka pa Regent Road, khoterani kumanzere, ndipo muyende mpaka mutapeza masitepe okwerera phirilo kudzanja lamanja. Pali njira yachidule ya Jacob's Ladder yochokera ku Calton Road, koma masitepe ake ndi otsetsereka kwambiri ndipo si abwino kukada. Pamwamba pali nsanamira za National Monument, chipilala chimene ntchito yake inaima mu 1829 ndalama zitatha, ndi nsanja ya Nelson Monument. Potsika, Waterloo Place ikufikitsani ku Waverley m'mphindi khumi.

## Zolakwitsa zimene zimachitika kawirikawiri

Kukhulupirira nthawi imene mapu a pa foni akunena. Akati mphindi zisanu, m'dera lino nthawi zambiri amakhala akukudutsitsani pa masitepe ataliatali. Onjezerani nthawi, makamaka ngati muli ndi ana, okalamba kapena ngolo ya mwana, ndipo zikatero tsatani misewu ikuluikulu.

Kuyamba ulendo ku Holyrood. Amene amatero amakwera Royal Mile yonse, n'kufika ku linga masana pamene kuli khamu ndipo miyendo yatha.

Kusiya malo a m'nyumba mpaka madzulo. National Museum imatseka 5 koloko, ndipo malo ena ambiri amasiya kulowetsa anthu nthawi yotsekera isanakwane. Misewu, mabwalo ndi Calton Hill sizitsekedwa, choncho ndizo zoyenera kusungira madzulo.

Kuvala molingana ndi mmene kwachera. Ku Edinburgh kungathe kucha kowala, masana n'kugwa mvula, madzulo n'kuwomba mphepo yozizira yochokera kunyanja, ngakhale mu July.

Kukwera thiramu (sitima yoyenda mumsewu) opanda tikiti. Ngati mwatopa kapena mukupita ku bwalo la ndege, lipirani pa makina a pasiteji musanakwere, chifukwa wopezeka mkati asanalipire amalipitsidwa ndalama zambiri. M'mabasi a Lothian mungathe kugunditsa khadi, koma mukapereka ndalama za m'manja dalaivala sabweza chenji.

Kudabwa ndi wotchi ya hotela ya Balmoral, imene ili pamwamba pa siteshoni. Anaiika dala kuti izitsogola ndi mphindi zitatu pofuna kuti apaulendo asasiyidwe ndi sitima, kotero nthawi yeniyeni muione pa foni kapena pa zikwangwani za m'siteshoni.

Kuchoka ndi ndalama zapepala za ku Scotland. Mabanki a Bank of Scotland, Royal Bank of Scotland ndi Clydesdale Bank amasindikiza mapaundi awoawo, amene mphamvu yake ndi yofanana ndi a Bank of England, koma masitolo ena a ku England amawakana ndipo kunja kwa Britain amavuta kusintha. Ngati mwapatsidwa chenji cha ndalama zoterezi, zigwiritseni ntchito pogula chakudya chamadzulo kapena polipira katundu amene munasungitsa pa Waverley musanakwere sitima.